Mizere Inayi ya Banja Limodzi

Uthenga unafika Lorenso akufufuta pabolodi. Ana a Folomu 3 anali atatuluka kale, akukangana pakhomo za amene wabisa kampasi ya mnzake. Anapukuta choko m'manja n'kutsegula foni. Chinali chithunzi cha laputopu yodzaza ndi zilembo zofiira, ndipo m'munsi mwake munali mawu a Immaculate.

"Aphunzitsi, R wandiukira. Mukaweruka mudzere kuno, apo ayi ndimuponya mu Shire."

Lorenso anamwetulira yekha. R ndi chinenero cha pakompyuta chosanthulira ziwerengero. Iye anachiphunzira akuchita digiri yake ya masamu, ndipo n'chimene chinawadziwanitsa awiriwa. Immaculate ankagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, limene linali ndi kaofesi pa Bangula. Tsiku lina atathedwa nzeru, munthu anamuuza kuti kusekondale kuli mphunzitsi wofatsa amene amazidziwa zimenezi. Kuyambira pamenepo mafunso a R anayamba kuchepa, koma maulendo sanachepe.

Tsono mwezi uno unali womaliza. Ntchito ya Immaculate inkathera pa lipoti la zokolola za kwa Mlolo. Lipotilo likangopita, anayenera kuyankha Dennis, bwana wake wa ku ofesi ya ku Blantyre, amene anamupezera malo kumeneko ndipo sankabisa kuti akufuna zoposa kugwira naye ntchito. Lorenso ankadziwa zimenezi. Ankadziwanso chimene chinkamumanga iye miyendo. Mkazi wake Anita anamwalira zaka zingapo zapitazo, koma akuchikazi anali asanamusudzule. Pamwambo, iye anali akadali mkamwini wa kwa Mlolo, ndipo munthu wotere satumiza ankhoswe kwina.

* * *

Mu ofesi fani inkangokankha mpweya wotentha kuchoka kukona ina kupita kuinzake. Immaculate anali atavula nsapato, miyendo ataipinda pampando.

"Khalani apa, muone manyazi anga," anatero, akukoka mpando wina ndi phazi.

"Yambani poyambira."

"Ndili ndi matebulo awiri. Ili ndi la mbewu zimene tinagawa. Ili ndi la zimene anakolola. Banja lililonse lili ndi nambala yake, ndiye ndimati ndiwalumikize ndi nambalayo, ndione kuti wolandira mbewu wakolola zingati. R anakana. Akuti mizere ichuluka kuposa ya matebulo onse awiri, kodi ndikutsimikiza?"

"Anafunsa bwino."

"Musakhale mbali yake. Ndinaimbira a Dennis. Iwo akuti ndingolemba allow.cartesian, asiya kudandaula. Ndinalemba, anasiyadi. Koma taonani chiwonkhetso."

Lorenso anawerama n'kuyang'ana. Matumba a chimanga anali ochuluka zedi, ngati kuti kwa Mlolo kuli esiteti.

"Zikanakhala choncho, bwenzi apongozi anga akuyenda pagalimoto," anatero.

"Ndinawauzanso a Dennis. Akuti ndi mizere yobwereza, ndichotse ndi unique, nambala iliyonse itsale kamodzi. Ndachotsa. Pano onani. Kwagwa njala. Mbewu yathu yaoneka ngati tinagawa miyala."

Lorenso anayang'ananso chiwonkhetsocho. Anaganiza, mwakanthawi kochepa chabe, kuti vuto limeneli likhoza kudya mlungu wathunthu ngati munthu salifulumira, ndipo mlungu umenewo Immaculate adzakhala akadali pa Bangula. Ganizolo linamuchititsa manyazi. Anakokera mpando pafupi.

"Mukumufunsa za mabanja onse nthawi imodzi. Mufunseni za limodzi. Sankhani nambala iliyonse, koma mubwerere pamene musanachotse kanthu."

Immaculate anasankha nambala, n'kulemba. Panatuluka mizere inayi.

"Banja limodzi, mizere inayi," anatero. "Ndi mitala kapena?"

"Lifunefuneni m'tebulo la mbewu lokha."

"Mizere iwiri. Analandira chimanga, analandiranso nyemba."

"Nanga m'tebulo la zokolola?"

Immaculate analemba. Chala chake chinaima pagalasi.

"Iwirinso," ananena pang'onopang'ono. "Wina ndi munda wa kumtunda. Wina ndi dimba." Anadzimenya pamphumi. "Mayi wanga ine! Kwa Mlolo ndani alima munda umodzi? Madzi atawasamutsa anamanga kumtunda, koma chilimwe onse amatsikira kudimba. Tinawafunsa kawiri, nthawi ya masika ndi nthawi ya madimba. Ineyo ndinapita nawo, ndinamira m'matope mpaka m'mawondo!"

"Ndiye R mwamupatsa nambala yokha. Sakudziwa kuti chimanga chikupita ndi munda uti. Akungokwatitsa mzere uliwonse wa uku ndi uliwonse wa uko. Iwiri ndi iwiri, inayi. Munda uliwonse wawerengedwa kawiri."

"Ndipo unique uja wasunga mzere woyamba wokha."

"Woyamba ndi uti?"

"Wa kumtunda. Umene unapsa ndi ng'amba chaka chino." Immaculate anaseka kuseka kosakondwa. "Ndataya madimba onse a kwa Mlolo ndi liwu limodzi. Ngakhale chigumula sichinathe kutero."

Anakonza yekha, Lorenso akungoyang'ana. Anayamba wawonkhetsa tebulo lililonse palokha kuti banja likhale ndi mzere umodzi, zokolola za kumtunda m'danga lake, za kudimba m'danga lake. Kenako analumikiza. R sanadandaule. Koma atafunsa chiwonkhetso cha madimba, panatuluka zilembo ziwiri zokha: NA.

"Wayambanso!"

"Alipo mabanja amene danga la dimba lilibe kanthu. Akakumana ndi limodzi lotere, amakana kuwonkhetsa."

"Ndiikamo ziro."

"Amene munawafunsa n'kukuuzani kuti alibe dimba, ikani ziro. Amene simunawapeze, asiyeni choncho, mumuuze awadumphe powonkhetsa, ndipo mulembe mu lipoti kuti alipo angati. Ziro ndi yankho. NA ndiye kuti munthu sanayankhe."

Immaculate anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa imene funso la ziwerengero limafuna.

"Zoona?" anatero. "Ndiye ine, bambo anga akandifunsa za inu, ndiziika ziro kapena NA?"

Lorenso anatsegula pakamwa, koma panja panaima galimoto.

* * *

Dennis analowa atanyamula mabotolo atatu a zakumwa zozizira, ngati kuti ankadziwa kuti apeza anthu awiri. Anali munthu wosavuta kumukonda, ndipo chimenechi n'chimene chinkamuvuta Lorenso. Malaya ake anali oyera ngakhale anadutsa fumbi lonse la ku Ngabu.

"Aphunzitsi! Ndinadziwa kuti Ima akakanika amathamangira kuchipatala chachikulu. Wodwala ali bwanji?"

Immaculate anamufotokozera. Dennis anamvetsera, n'kugwira m'chiuno.

"Ndiye ine ndinakuuza kuti umutseke pakamwa munthu amene amanena zoona. Pepa. Ndimayankha ndili pamsonkhano, tebulo sindinalione." Anatsegula botolo n'kupatsa Lorenso. "Komatu mwandithandiza ine, aphunzitsi. Ndimaopa kuti lipotili litigoneka mpaka mwezi wamawa. Pano Lachisanu likhoza kupita, eti Ima?"

"Likhoza."

"Basi. Desiki yako ku Blantyre ndaiika pafupi ndi windo. Kumeneko munthu sugwira ntchito utavula nsapato."

"Mapazi anga sanadandaule," anatero Immaculate, koma anaseka, ndipo anafunafuna nsapatozo pansi pa tebulo n'kuzivala.

Lorenso anamwa chakumwacho. Chinali chozizira bwino. Anaona mmene Dennis ankanenera kuti "Ima" ndi "iwe" mosavutikira, pamene iye chaka chonse anali akadali pa "inu". Anathokoza, n'kunena kuti akukatenga mwana wake Tamanda kusukulu.

* * *

Immaculate anamupeza pamsewu asanafike patali, pafupi ndi amayi ogulitsa masawu.

"Mumayenda ngati mwaba," anatero, akupuma mwamphamvu.

"Tamanda akudikira."

"Tamanda akusewera fulaye, sakukufunani. Sindinamve yankho langa."

Anayenda limodzi m'mbali mwa msewu, akupatukira njinga za kabaza. Dzuwa linali litapendeka koma nthaka inkatenthabe.

"Ndinapita kwathu ku Ndamera Lamlungu," anatero Immaculate. "Ndinawauza bambo za inu. Zonse. Kuti ndinu mphunzitsi, iwo akuti pyadidi, ndiye kuti zabwino. Kuti muli ndi mwana, pyadidi, iwonso analeredwa ndi mayi wowapeza. Kuti ndinu Mmang'anja, anangoti bola mudziwe kuti kwathu timalowola. Koma nditati sanakusudzuleni, anaika kapu pansi. Nkhabe, ayi, mwananga. Ameneyo ndi mwamuna wa mwini. Mwini wake ali kumanda, koma ndi wa mwini."

"Sanalakwe."

"Ndikudziwa kuti sanalakwe. N'chifukwa chake zikundipweteka." Anathyola katsamba pamtengo n'kuyamba kukang'amba. "Lachisanu lililonse mumawoloka Shire kupita kwa Mlolo. Mumakalima dimba la Anita, mumakonza denga la apongozi, Lolemba muli pano ndi choko. Inunso muli ndi mizere iwiri, a Lorenso. Ine sindikuti mufufute winawo. Ndaona lero zimene zimachitika munthu akafufuta. Koma sindingalumikizidwe ndi munthu amene sakudziwa kuti ali pati."

"Anthu aja sanandilakwire kanthu. Anita atamwalira, amayi aja ankandiphikira ngati mwana wawo. Kupita kukanena kuti ndimasuleni, zili ngati ndikunena kuti ndatopa nawo."

"Munawafunsapo?"

"Ayi."

"Ndiye mwawaikira ziro anthu amene simunawafunse."

Lorenso anaseka pang'ono, mosafuna. Immaculate sanaseke.

"A Dennis sindiwakonda," anatero. "Koma sindidana nawo, ndipo ntchito ija ndi yeniyeni. Sindingakhale pa Bangula kudikira munthu amene akudikira kuti ena ayambe kulankhula. Ndikatsala kuno, nditsale ndikudziwa chimene ndatsalira."

Anafika pampanda wa sukulu ya pulayimale. Tamanda, mtsikana wa Sitandade 3 wa miyendo yaitali ngati ya mayi ake, anawaona n'kuthamanga, chikwama chikumenya kumsana.

"Anti Ima! Mwandibweretsera chiyani?"

"Ndakubweretsera bambo ako. Ndawatola pamsewu."

Lorenso anagwira dzanja la mwanayo. Analankhula akuyang'ana pansi.

"Loweruka ndikalankhula ndi a Andrea."

* * *

Anawoloka Loweruka m'mawa, iye ndi Tamanda, m'bwato lodzaza njinga ndi matumba a mbatata. Tsidya linalo anakwera kabaza mpaka kumudzi wa kumtunda, koma anapeza zitseko zotseka. Onse anali kudimba. Anatsika wapansi, kudutsa minda youma ya mapesi ofiira, mpaka nthaka inayamba kuda ndi kufewa, ndipo mwadzidzidzi kunali kobiriwira ponseponse: chimanga chofika m'mapewa, nyemba zikuyanga pansi pake, maungu m'mphepete.

Mayi Clotilda, amayi ake a Anita, anali pamsasa akusenda nyemba. Tamanda anawagwera pamiyendo. Lorenso anakhala chapatali pang'ono monga mkamwini, n'kupereka moni ali chogwada. A Andrea, mlongo wawo wa mayi Clotilda, amene anali mwini mbumba ndiponso nkhoswe ya ukwati wa Anita, anatulukira m'chimanga atanyamula khasu.

"Bambo a Tamanda, lero mwabwera ndi nsapato za kutchalitchi. Mzere wanu wa nyemba uja ulimidwa ndi ndani?"

"Ndabwera ndi mawu, amalume."

A Andrea anamuyang'ana, n'kuyang'ana mlongo wawo. Anatsamiritsa khasu pamsasa.

"Tamanda, pita ukaone ngati anzako agwira nsomba kuthamandako."

Mwana atapita, Lorenso ananena zimene anakonzekera m'bwato, koma zinatuluka zazifupi. Anati sanaiwale Anita ndipo sadzamuiwala. Anati pakhomo pano sanaonepo choipa. Anati wapeza munthu, wa ku Ndamera, ndipo sangapite kwa makolo ake asanamasulidwe ndi eni ake kuno.

Patali munthu ankaimba akuthamangitsa mbalame.

"Ndi uja wa mabuku a mbewu?" anafunsa mayi Clotilda, maso ali pa nyemba. "Uja anagwa m'matope pa dimba la a Yankho?"

"Yemweyo, amayi."

"Anadzuka akuseka. Ndinamuona."

A Andrea anakanda chibwano. "Bambo a Tamanda, ife nkhani imeneyi tinaikambirana kalekale, chaka chija tinamanga chiliza. Koma tinati, tikayamba ndife, mwana wa eni ake adzati akundithamangitsa. Inu simunena, ife sitinena. Tinangokhala ngati anthu awiri okumana pakanjira, aliyense akupatukira mnzake."



"Uzani abale anu," anapitiriza a Andrea. "Mlungu wamawa kapena winawo, tikhale pansi, tikusudzuleni pamaso pa anthu. Mwatisunga bwino. Palibe angakunenereni choipa."

"Zikomo, amalume. Zikomo, amayi."

"Za nyumba ya kumtunda ndi dimba lino mukudziwa kale. N'za mbumba."

"Ndikudziwa. Sindinaganizepo zotenga kanthu."

"Eya. Ndiye Tamanda amalize teremu ino kwanuko, kuti tisamusokoneze. Ikatha, mudzabwere naye ndi katundu wake. Sukulu kuno iliko."

Lorenso anaganiza kuti sanamve bwino.

"Tamanda amakhala ndi ine, amalume. Kuyambira ali wamng'ono."

"Amakhala ndi inu chifukwa inu ndinu wathu. Ali pa Bangula, ali pakhomo pathu pomwe. Koma tikakumasulani, mukupita kukamanga banja kwa anthu olowola. Ana obadwa kumeneko adzakhala a kwa bambo. Nanga uyu adzakhala wa ndani pakati pawo? Uyu ndi mbumba ya kuno. Dimba mukuliona ili ndi lake."

"Immaculate amamukonda."

"Sitikukana," anatero a Andrea mofatsa. "Sitikulimbana nanu, bambo. Tikungonena mmene zimakhalira."

Mayi Clotilda anasiya kusenda. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, anamuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Ine ndinabereka mwana wamkazi mmodzi," anatero. "Lachisanu lililonse ndimakhala apa kuyang'ana njira iyo, ndipo amatulukira, miyendo yomweyo, kuseka komweko. Inu mukamasuka, Lachisanu lidzakhala la ku Ndamera. Musanditsutse, ndi mmene ziyenera kukhalira. Pitani, mwana wanga, mukakwatire, ndi mtima woyera ndikunena. Koma musanditengere onse awiri."

Lorenso anafuna kunena kuti adzabwera nayebe, kuti palibe chidzasinthe. Koma anali munthu wosazolowera kulonjeza zimene sanaziwerengere, ndipo anadziwa kuti mayiyo akunena zoona. Anangoti, "Ndamva," n'kupempha kuti akaganize.

"Kaganizeni," anatero a Andrea, akutola khasu. "Mukafuna kukhala mmene tikukhaliramu, ifenso sitikuthamangitsani."

* * *

Anabwerera madzulo omwewo, dzuwa likadalipo. Mayi Clotilda anawapatsira nyemba ndi maungu awiri monga mwa masiku onse. M'bwato Tamanda anakhala pakati pa miyendo ya bambo ake, akuviika zala m'madzi mpaka wopalasa anamukalipira za ng'ona.

Pakati pa mtsinje foni inagwira netiweki n'kunjenjemera. Anali Immaculate.

"Lipoti linapita dzulo. Ndawonkhetsa ndisanalumikize, ndawonkhetsanso nditalumikiza, matumba ndi omwewo. Madimba onse abwerera kwa eni ake. Takhuta, aphunzitsi, ndiyo zikomo ya kwathu."

Uthenga wachiwiri unabwera pambuyo pake.

"A Dennis akubwerera ku Blantyre Lolemba, akufuna apite ndi yankho. Kumeneko zatha bwanji? Avomera?"

Lorenso analemba kuti, "Avomera." Liwulo linali loona. Analiyang'ana, chala chili pamwamba pa potumizira, ndipo anaona kuti likapita lokha lidzakhala ngati tebulo lija la Immaculate litachotsedwa madimba: mzere woyamba wokha, wooneka bwino, theka la nkhani litatayika.

"Ababa," anatero Tamanda osatembenuka, "agogo akuti teremu ikatha ndidzakhala ndi mbuzi yangayanga. Akuti ndizidzagona kuchipinda kwa amayi."

"Anakuuza liti?"

"Pondipatsa maungu. Ndiye inuyo muzidzagona kuti? Pabalaza?"

Bwato linagunda mchenga wa tsidya la Bangula. Anthu anayamba kutsitsa njinga, wopalasa akufuula kuti afulumire. Lorenso anakhalabe pomwepo, dzanja lina lili paphewa la mwana, lina litagwira foni. Pagalasi panaoneka kuti Immaculate akulembanso, kenako anasiya, akudikira.